Chifundo cha Tsiku Limodzi ndi Udindo wa Zaka Zambiri

MAU OYAMBA

Funso limene tikambirane pano likuoneka laling'ono, pakuti likunena za galu. Koma tikalitsata bwino tiona kuti likunenanso za munthu. Funso lake ndi ili: kodi munthu akatola cholengedwa chovutika ndi kuloŵa nacho pakhomo pake, ndiye kuti watsiriza ntchito ya chifundo kapena wangoiyamba kumene? Nanga ali ndi mangaŵa otani kwa cholengedwacho, chimene sichingathe kumkumbutsa kapena kukamnenera kwa mfumu?

Ana amene timaŵaphunzitsa ali ndi mitima yofeŵa. Akaona kagalu kakulira m'ngalande amafuna kukatola nthaŵi yomweyo. Mtima wotere ngwabwino ndipo tisaufooketse. Koma tonse tidziŵa chimene chimachitika kaŵirikaŵiri: tsiku loyamba kagaluko kamadya bwino, tsiku lachitatu kamadya makombo, ndipo pakutha kwa mwezi palibenso woyang'anako. Akulu nafenso timachita chimodzimodzi, kungoti ife timadziŵa kupeza zifukwa. Kuti tilingalire bwino za khalidwe limeneli, tiyeni titenge nkhani yoona imene inachitika ku America, ya agalu a mtundu wotchedwa beagle.

1. ZIMENE ZINACHITIKA KU VIRGINIA

M'boma la Cumberland, m'chigawo cha Virginia ku United States, kampani yotchedwa Envigo inali ndi malo aakulu oŵeterako agalu a mtundu wa beagle. Agaluwo sanali oti akakhale pamakomo a anthu ai. Anali kuŵagulitsa kwa akatswiri ofufuza, kuti aziyeserapo mankhwala atsopano.

M'chaka cha 2021 oyendera a boma anafika pamalowo ndipo anapeza zinthu zomvetsa chisoni. Pa miyezi pafupifupi isanu ndi iŵiri panafa ana agalu oposa 300, koma eni malo sanafufuze chimene chinaŵapha. Agalu aakazi oyamwitsa anali kuŵamana chakudya pafupifupi masiku aŵiri. Chakudya china anachipeza chili ndi mphutsi ndi nkhungu. Agalu ena anali ndi mabala chifukwa cholumana m'makola othinana, ndipo ena miyendo yao inali kukodwa m'mipata ya pansi pa khola.

M'mwezi wa May 2022 boma linalanda agalu oposa 400 amene anali ovutika koposa, ndipo linasumira kampaniyo kukhoti. M'mwezi wa July woŵeruza anavomereza kuti agalu onse otsala aperekedwe m'masiku 60 ku bungwe losamala nyama lotchedwa Humane Society of the United States, limene kuyambira 2025 likudziŵika ndi dzina lakuti Humane World for Animals. Agalu pafupifupi 4,000 anatuluka m'makolawo, nagaŵidwa ku mabungwe ang'onoang'ono oposa 100 m'madera osiyanasiyana kuti aŵapezere makomo. Pofika kuchiyambi kwa September galu wotsiriza anali atatuluka, ndipo malowo anatsekedwa. M'mwezi wa June 2024 kampaniyo inavomera mlandu wozunza nyama ndi wina woipitsa madzi a kamtsinje kapafupi, ndipo inagwirizana ndi boma kulipira madola oposa 35 miliyoni.

Nkhaniyi itamveka, anthu ochuluka anafuna kutenga agaluwo. Ngakhale Prince Harry wa ku Britain ndi mkazi wake Meghan anatengako mmodzi. Iwo anasiya tiana tokongola tija, nasankha galu wamkazi wa zaka 7 wotchedwa Mia, amene ntchito yake m'kholamo inali kubereka.

Nyuzipepala zambiri zinalekezera nkhaniyi pamenepa, ngati kuti yatha bwino. Koma kwa galu aliyense, ndi kwa banja lililonse limene linamtenga, ntchito yeniyeni inayamba tsiku limene galimoto inaima pakhomo.

2. BEAGLE NDI GALU WOTANI?

Munthu sangasamale chinthu chimene sachidziŵa. Tsono tiyambe taona chibadwa cha galuyu.

Mtundu wa beagle unakhazikika ku England, kumene alenje anali kusaka nao akalulu. Agaluwo anali kuthamanga m'gulu, mphuno zili pansi, alenje akutsata pambuyo wapansi. Beagle ndi galu wamfupi, msinkhu wake masentimita 33 mpaka 40, kulemera kwake makilogalamu 9 mpaka 14, ndipo ali ndi makutu aatali ogwera pansi. Akasamalidwa bwino amakhala zaka 12 mpaka 15. Pa ntchito yake yakaleyo panachokera makhalidwe anai amene womtenga ayenera kuŵadziŵa.

Loyamba ndi mphuno. Beagle akagwira fungo amaiŵala zonse, ngakhale mau a mbuye wake. Amakumba pansi pa mpanda, amadutsa pamseu osayang'ana galimoto. Mphuno yomweyo ili ndi phindu lake: kuyambira 1984 boma la America limagwiritsa ntchito agaluŵa pamabwalo a ndege, kuti azinunkhiza zipatso ndi nyama zoletsedwa m'katundu wa apaulendo. Ntchitoyi inayambira pabwalo la ndege la Los Angeles.

Lachiŵiri ndi mau. Alenje anafuna galu wouwa mokweza kuti azimumva ali kutali m'thengo. Lero mau omwewo amasoŵetsa tulo anansi, makamaka m'mizinda momwe nyumba nzogundana.

Lachitatu nkukonda gulu. Galuyu sanazoloŵere kukhala yekha. Akamsiya yekha m'nyumba kuyambira m'maŵa mpaka madzulo amalira, amatafuna mipando ndi nsapato. Sachita zimenezi chifukwa cha mwano koma chifukwa cha kusungulumwa.

Lachinai nkususuka. Beagle sadziŵa kukhuta. Mwini wake akamampatsa chakudya nthaŵi iliyonse imene wayang'ana ndi maso achisoni, galuyo amanenepa mpaka kudwala. Makutu ake ogwa aja nawonso amasunga chinyezi, kotero afunika kuŵapukuta kaŵirikaŵiri kuti asachite zilonda.

Pamwamba pa zonsezi beagle ndi wofatsa. Saluma msanga, ndipo amabwerera kwa munthu ngakhale amene wampweteka. Kufatsa kumeneku, pamodzi ndi kuchepa kwa thupi lake, ndiko kumachititsa ofufuza kumsankha iye koposa agalu a mitundu ina.

3. GALU AMENE SANAPONDEPO UDZU

Tsopano taganizani za galu wa chibadwa chotere amene wakulira m'khola la waya. Alibe dzina, ali ndi nambala yolembedwa mkati mwa khutu ndi inki yosafufutika. Sanapondepo udzu, sanakwerepo masitepe, sanayendepo ndi chingwe m'khosi. Kutseka kwa chitseko kumamdzidzimutsa. Dzanja la munthu salidziŵa ngati chinthu chosisita, koma ngati chinthu chogwira ndi kunyamula. Ena mwa agalu otere amatuluka ndi mano ovunda.

Galu wotereyu akaloŵa m'nyumba amadzithandiza paliponse, pakuti moyo wake wonse malo ogona, odyera ndi odzithandizira anali amodzi. Kummenya chifukwa cha zimenezi sikumphunzitsa ukhondo, kumangomuonjezera mantha. Akapeza chitseko chotsekula amathaŵa, ndipo kumuitana sikuthandiza, chifukwa dzina limene mwampatsa dzulo sanalizindikire.

Amene amadziŵa za agaluŵa amalangiza zinthu zosavuta kumva koma zofuna kupirira. Galuyo apatsidwe kangodya kachete kobisalako, ndipo asamkoke kumeneko. Adye pa nthaŵi zofanana tsiku ndi tsiku. Atulutsidwe panja m'mamaŵa, akatha kudya ndiponso asanagone, ndipo akachita bwino ayamikiridwe ndi kachakudya pang'ono. Mpanda uyenderedwe kuti pasakhale pobooka. Poyenda naye asammasule chingwe. Sabata yoyamba apite naye kwa dokotala wa ziŵeto. Ku Britain kuyambira 2016 lamulo limati galu aliyense aikidwe pansi pa khungu kachipangizo konga njere ya mpunga, kamene kamadziŵitsa mwini wake galuyo akasoŵa, ndipo mabungwe ambiri a ku America amachitanso chimodzimodzi asanapereke galu. Ngati pakhomopo pali galu wina wofatsa, mlendoyo amaphunzira msanga poonera mnzake.

Agalu ena amazoloŵera pa masabata ochepa, ena pa miyezi yambiri, ndipo alipo ena amene mantha saŵathera mpaka kufa. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Munthu amene afuna kuti galu wotere amkondwerere tsiku lomwelo adzakhumudwa, ndipo wolipira kukhumudwako adzakhala galuyo.

4. CHIFUNDO NDI UDINDO NZINTHU ZIŴIRI

Apa ndipo pali mutu wa nkhani yathu. Chifundo chimabwera chokha. Munthu akaona chithunzi cha galu woonda akusuzumira pa waya, mtima umamuŵaŵa asanaganize nkomwe. Chifundo chotere chili ngati moto wa mapesi, umene umalilima msanga koma suchedwa kuzima. Udindo uli ngati chikuni cha tsanya chimene chimasunga moto mpaka m'maŵa. Moto wa mapesi ngwofunika poyatsira, koma nyemba sizingapse nao.

Tionenso kusiyana kwina. Chifundo chopanda kulingalira chimayang'ana za mwini wake. Munthu amati, "Mtima wanga ukuŵaŵa, ndikamtenga galuyu ndipeza mpumulo, ndipo anthu andiyamika." Udindo umayang'ana za winayo, ndipo umafunsa kuti, "Kodi galuyu asoŵa chiani, ndipo kodi ine ndingathe kumpatsa zimenezo chaka ndi chaka?" Si cholakwa kukondwera pochita zabwino. Koma chikondwererocho chikakhala ndicho cholinga, chikatha nayenso galu watha ntchito. Nchifukwa chake mu 1978 bungwe lina la ku Britain, limene lero limatchedwa Dogs Trust, linayamba kuchenjeza anthu kuti asamatenge agalu ngati mphatso za pa Khrisimasi, chifukwa chikondwerero chikatha ambiri mwa agaluwo anali kutayidwa.

Wina angafunse kuti, "Popeza palibe amene anandikakamiza kumtenga, bwanji ndisakhale ndi ufulu womsiya?" Tiyankhe ndi fanizo. Mwafika pamtsinje wodzaza ndipo mwapeza mwana akufuna kuoloka. Mukhoza kunena kuti, "Ine ndilibe mphamvu, dikira wina wamphamvu." Pamenepo simunalakwe. Koma mukamnyamula ndi kufika naye pakati pa madzi, simungathe kunena kuti, "Palibe anandituma, ndikutula pompano." Ufulu munali nao muli kumtunda. Pakati pa madzi mwamangidwa ndi ntchito ya manja anu omwe.

Ndi mmenenso zilili ndi galu wopulumutsidwa. Musanamtenge, mangaŵa anu kwa iye ngochepa. Mukamtenga mwatseka njira zake zina zonse. Banja lina limene likanamsamala bwino labwerera chimanjamanja. Iye sangathe kudzisakira chakudya mkati mwa mpanda wanu, sangathe kudzitsekulira chitseko, sangathe kupita yekha kuchipatala. Timati mlendo ndi mame, koma galuyu si mlendo, pakuti wadzakhala zaka khumi kapena kuposerapo.

Lonjezo limeneli lili ndi chinthu china chachilendo. Ngongole ya kusitolo tikaizemba, mwini sitolo amatitsata. Pangano la ukwati lili ndi ankhoswe. Koma lonjezo limene tachita kwa galu lilibe mboni yoti itidzudzule, ndipo wolakwiridwayo amatigwedezerabe mchira. Munthu amene amasunga lonjezo lotere amalisunga chifukwa cha chimene iye ali, osati chifukwa choopa. Nkutheka kuti nchifukwa chake buku la Miyambo, pa mutu 12 ndime 10, limaŵerengera kusamala chiŵeto pakati pa zizindikiro za munthu wolungama.

5. MAFUNSO OYENERA KUYANKHA TISANATENGE

Lamulo losamalira nyama limene linakhazikitsidwa ku England ndi Wales mu 2006 silingoletsa nkhanza zokha ai. Limanenanso kuti mwini chiŵeto ali ndi udindo wokwaniritsa zosoŵa zake zisanu. Zosoŵazo zikhoza kutithandiza ngati mafunso odziyesera.

(a) Malo oyenera: Kodi pali pogona pouma, mthunzi, ndi mpanda wolimba? Ngati nyumba njalendi, kodi mwini nyumba wavomera?

(b) Chakudya choyenera: Kodi pali ndalama za chakudya ndi madzi abwino mwezi uliwonse, ngakhale mwezi wovuta?

(c) Mpata wochita za chibadwa chake: Kodi alipo woyenda naye tsiku lililonse kuti anunkhize ndi kuthamanga? Beagle womangiriridwa pamtengo usana wonse wangosintha khola.

(d) Kukhala ndi anzake: Kodi adzakhala yekha maola angati pa tsiku? Nanga banja likapita kumaliro kapena kutchuthi, atsala ndi yani?

(e) Kutetezedwa ku matenda ndi zoŵaŵa: Kodi katemera, mankhwala a nkhupakupa, utitiri ndi njoka za m'mimba adzagulidwa? Nanga akakalamba, maso atachita khungu ndi miyendo itauma, adzasamalidwabe?

Pa zisanuzi tionjezerepo chimodzi: kodi onse a m'banja agwirizana? Kaŵirikaŵiri amene amakondwera ndi bambo ndi ana, koma wokolopa ndi kuphika ndi mayi. Si chilungamo kuchita chifundo chimene thukuta lake akhetse ndi munthu wina amene sanafunsidwe.

Mabungwe osunga agalu amafunsa mafunso onga aŵa, ndipo ena amafika pakhomo kudzaona mpanda. Anthu ena amakwiya nazo, namati, "Ndabwera kudzathandiza, bwanji mukundifunsa ngati wakuba?" Koma bungwelo ndilo nkhoswe yokhayo imene galuyo ali nayo. Walira mvula walira matope: wofuna galu alolenso mafunso, ubweya pamipando, ndi kudzuka usiku.

6. OTSUTSA AKUTI CHIANI?

Pali zotsutsa zitatu zimene mphunzitsi angakumane nazo, ndipo ziyenera kuyankhidwa mwaulemu, chifukwa zili ndi nzeru mkati mwake.

Choyamba nchakuti, "Bwanji kutaya ndalama pa agalu pamene ana akugona ndi njala?" Funsoli nlolemera, ndipo tisalipeputse. Moyo wa mwana uposa moyo wa galu. Kholo limene lingamane mwana wake mankhwala kuti ligulire galu chakudya lalakwa kwakukulu. Koma taonani kumene mfundoyi ikutifikitsa. Ikutiuza kuti munthu wosoŵa asatenge galu amene sangathe kumdyetsa. Sikutiuza kuti amene wamtenga kale amgoneke ndi njala. Ndiponso mbiri ionetsa kuti chifundo sichitha chifukwa chochigaŵa. Pamene bungwe loletsa nkhanza kwa nyama linayambika ku London mu 1824, limene pambuyo pake linatchedwa RSPCA, mmodzi wa oliyambitsa anali William Wilberforce, yemwe uja anatha zaka zambiri akulimbana ndi malonda a akapolo.

Chachiŵiri nchakuti, "Galu ndi galu basi, alibe nzeru ngati munthu." Nzoona kuti galu saŵerenga kapena kulankhula. Koma mu 1789 munthu wina wanzeru wa ku England, Jeremy Bentham, anaphunzitsa kuti pa nkhani ya nkhanza chofunika si nzeru kapena kulankhula, koma ngati cholengedwacho chimamva kuŵaŵa. Khanda nalonso sililankhula, koma palibe amene anganene kuti kulira kwake nkwachabe. Wanzeru wina wa ku Germany, Immanuel Kant, anafika pafupi ndi pomwepo podzera njira ina. Iye anati munthu wochitira nkhanza nyama amaumitsa mtima wake, ndipo mtima woumawo udzaonekera kwa anthu anzake. Wina akuganizira galu, wina akuganizira mwini galu, koma onse aŵiri akuletsa nkhanza ndi kunyalanyaza.

Chachitatu nchakuti, "Kodi mankhwala amene timamwa sanayesedwe pa nyama? Tingadzudzule bwanji chimene tikupindula nacho?" Izinso nzoona. Mankhwala a insulin, amene amasunga moyo wa anthu odwala matenda a shuga, anapezeka mu 1921 ku Toronto pamene Frederick Banting ndi Charles Best anali kuyesa pa agalu. Anthu amtima wabwino amasiyana maganizo pa funso lakuti kuyesa kotere kupitirire kapena kuleke. Mu 1959 akatswiri aŵiri a ku Britain, William Russell ndi Rex Burch, analangiza zinthu zitatu: kupeza njira zina m'malo mwa nyama pamene nkotheka, kuchepetsa chiŵerengero cha nyama zoyeserapo, ndi kuchepetsa kuŵaŵa kwake. Mu 2014 chigawo cha Minnesota chinakhala choyamba ku America kulamula kuti agalu ndi amphaka a m'malo ofufuzira othandizidwa ndi boma azipezeredwa makomo ntchito ikatha, m'malo mophedwa. Kaya tiime mbali iti, kupindula kwathu sikuchotsa mangaŵa, kumaŵaonjezera. Ndipo zimene zinachitika ku Cumberland sizinapindulitse wodwala aliyense. Kumana chakudya galu woyamwitsa sikuchiza munthu.

7. KUKANA NDI KUBWEZA

Kodi munthu amene wamva chisoni koma wakana kutenga galu ndi wouma mtima? Iai. Ngati wadziyesa ndi mafunso aja napeza kuti sangathe, kukana kwake ndi chifundo chenicheni, pakuti wasiyira mpata banja loyenera. Pali njira zinanso zothandizira: kupereka chakudya ku bungwe, kusunga galu kwa masabata ochepa pamene akumfunira khomo lokhazikika, kapena kuthandiza mnansi wokalamba kuyenda ndi galu wake. Mau akuti "sindingathe" onenedwa pachiyambi ngabwino koposa mau akuti "ndatopa" onenedwa patapita miyezi itatu.

Nanga amene anatenga ndi mtima wonse, koma zinthu zasintha? Ntchito imatha, matenda amagwa, banja limasamuka. Nthaŵi zinanso galu wamantha amaopseza mwana wamng'ono, ndipo pamenepo chitetezo cha mwana ndicho choyamba. Munthu wotere asadzibise chifukwa cha manyazi. Udindo wake sunathe, wangosintha maonekedwe. Ayenera kubweza galuyo ku bungwe limene linampatsa, monga mapangano ambiri amanenera, kapena kumpezera khomo lodalirika, ndi kunena zoona zonse za khalidwe ndi matenda ake. Chimene sayenera kuchita nkumtsitsa pamseu usiku, kapena kumpereka kwa munthu woyamba amene wapezeka kuti angochotsa katundu pamutu. Wobweza moona mtima wafikitsabe mwana uja kumtunda, ngakhale kuti wabwerera naye tsidya lomwe anachokera. Wotaya pamseu wamtula pakati pa madzi.

Tisiyanitsenso kulephera ndi kutopa. Munthu adzifunse moona kuti, "Kodi sindingathedi, kapena chikondwerero changotha?" Mtima wa munthu umafulumira kutchula ulesi dzina lina lokoma.

8. POPHUNZITSA ANA

Agalu a mtundu wa beagle sitiŵaona kaŵirikaŵiri kwathu kuno, ndipo agalu athu ambiri ngolonda pakhomo ndi osaka, osati ogona pampando. Phunziroli silikuti titengere makhalidwe a kunja. Likuti aliyense amene waika chamoyo m'manja mwake ali ndi mangaŵa kwa icho, kaya ndi beagle wa ku Virginia kapena kagalu kotola kumsika.

Pali chifukwa china chimene chikutikhudza ife kwambiri. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, la WHO, limati matenda a chiŵeŵe amapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka, makamaka mu Africa ndi Asia. Pafupifupi onse amaŵatenga polumidwa ndi galu, ndipo anai mwa khumi alionse ndi ana osafika zaka 15. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 alionse m'dera akabaidwa katemera, matendaŵa amaleka kufala. Ntchito yobaya agalu ambiri pamodzi inayamba mumzinda wa Blantyre mu 2015 mothandizidwa ndi bungwe la Mission Rabies. Tsono munthu amene watola galu koma osambayitsa katemera walakwira galuyo, walakwiranso ana a mnansi wake. Ana adziŵenso kuti asagwire galu wachilendo popanda wamkulu, ndi kuti akalumidwa atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka athamangire kuchipatala tsiku lomwelo.

Mwana akabwera ndi kagalu m'manja, kholo kapena mphunzitsi asamkalipire, komanso asangovomera. Akhale naye pansi aŵerengere pamodzi: kadya chiani, kagona pati, adzakapatsa madzi ndani iwe uli kusukulu, ndipo pamene kazidzakalamba iwe udzakhala ndi zaka zingati? Ngati mayankho alipo, mwanayo apatsidwe ntchito yake ya tsiku ndi tsiku, ndipo wamkulu aziyang'anira kuti ikuchitika. Ngati palibe, afunefune pamodzi khomo lina. Mwana wophunzira zimenezi pa galu adzazikumbukira tsiku limene adzapatsidwa mwana wamasiye, kholo lokalamba kapena mnzake wodwala kuti amsamale.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Tchulani makhalidwe anai a beagle, ndipo fotokozani mmene lililonse lingavutitsire banja losakonzeka.

2. Kodi fanizo la kuolotsa mwana pamtsinje likutiphunzitsa chiani za ufulu wa munthu asanalonjeze ndi atalonjeza?

3. Kodi pali nthaŵi imene kukana kuthandiza kungakhale chifundo? Perekani chitsanzo cha m'mudzi mwanu.

4. Mungamuyankhe bwanji mwana amene wafunsa kuti, "Bwanji tidyetse galu pamene ife sitinakhute?"

5. Kupatula ziŵeto, ndani ena pakati pathu amene timaŵalonjeza zinthu koma alibe mphamvu yotikumbutsa?